Malo a Kholo Ali Kunja kwa Mzere

Tsiku limene ndinaphunzira kutseka pakamwa, mnyamata wanga anali ndi zaka 9. Ankasewera kumbuyo chakumanja, ndipo ine ndinaima pafupi ndi mzere mpaka nsonga za nsapato zanga zinayera ndi laimu. Mpira unamupeza ali yekhayekha, popanda womupanikiza. Kochi wake kutsidya linalo anakuwa kuti, "Patsa wapakati!" Ine kuno ndinakuwa kuti, "Chotsa! Menya kutsogolo!" Mwanayo anangoti njo. Anayang'ana kwa kochi, n'kuyang'ana kwa ine, mpira uli pamapazi. Kamnyamata ka timu inayo kanangofika n'kuutola ngati kakutola chinthu chotayidwa, basi chigoli.

Sanalire. Bola akanalira. Tili m'njira kubwerera anakhala duu nthawi yaitali, kenaka anandifunsa motsitsa mawu: "Adadi, pamene paja ndimayenera kumvera ndani?"

Papita zaka tsopano. Mnyamatayo wanditalikira, mlongo wake wamng'ono nayenso anayamba mpira, ndipo ndaima kunja kwa mizere yambiri, pamvula ndi padzuwa. Ine si kochi. Ndine kholo lomwe linalakwitsa zambiri, zina kangapo konse, ndipo zimene ndilembe pano ndi zomwe ndikanakonda wina akanandinong'oneza ndisanagule nsapato zoyamba.

Mpirawu ndi wa yani?

Ambirife tinasewerako tili ana, ndipo aliyense ali ndi nkhani ya bondo limene linamulepheretsa kufika patali. Langa linali lakumanzere, ngakhale kunena zoona bondolo linangondipatsa ponamizira. Vuto limayamba pamene tikufuna kuti mwana amalize ulendo umene ife tinausiyira panjira. Iye akaphonya, manyazi amagwira ife. Iye akagoletsa, timayenda ngati tagoletsa ndife. Mwana amaziona zimenezi msanga kuposa mmene timaganizira, ndipo amayamba kusewerera nkhope yathu m'malo mosewera mpira.

Ndiye musanachite china chilichonse, mufunseni: n'chiyani chimakukokera ku mpira? Mufunse pa nthawi imene palibe masewero, mwina mukutsuka mbale limodzi. Wanga nditamufunsa ndinkayembekezera kumva za kudzasewera pa TV. Iye anati amakonda kuti anzake awiri ali mu timu yomweyo, ndiponso jezi yake ili ndi nambala kumsana. Basi. Ine ndinali nditamanga kale nsanja yaitali m'mutu mwanga, mwini wake akungofuna anzake ndi nambala 2.

Ndimaganizira kawirikawiri za amene ankamuperekeza Lionel Messi ku katimu ka Grandoli ku Rosario ali kamwana ka zaka 4 kapena 5. Anali agogo ake aakazi, a Celia. Iwo anamwalira mu 1998, iye asanakwanitse zaka 11, asanaone n'komwe Barcelona. Zala zija amaloza kumwamba akagoletsa, amakumbukira iwowo. Agogo amene ntchito yawo inali kumugwira dzanja, kumufikitsa ku bwalo ndi kukhalapo.

Asanatuluke pakhomo

Apa sindichedwapo, koma pali tinthu tomwe makolo timaphonya.

Mpira uli ndi masaizi. Wa akuluakulu ndi saizi 5, wolemera magalamu 410 mpaka 450. Tiana ta zaka zosakwana 9 timagwiritsa ntchito saizi 3, okulirapo saizi 4, ndipo saizi 5 amayamba akafika cha m'ma 13 kapena 14. Ine ndinagulira mwana wa zaka 6 mpira wa akuluakulu poganiza kuti ndikumulimbitsa mwendo. Zotsatira zake anaphunzira kumenya ndi chala chachikulu, chifukwa ndi njira yokhayo imene mpirawo unkasunthira, ndipo kochi anavutika miyezi kuti amusiyitse. Funsani kochi saizi imene msinkhu wa mwana wanu ukugwiritsa ntchito.

Nsapato nazo musagule zazikulu kwambiri kuti akuliremo. Ndikudziwa, mapazi a ana amakula ngati akupikisana ndi thumba lanu. Koma phazi likamasewera m'kati mwa nsapato limatuluka matuza, ndipo mwana samva bwino mpira. Kampata kolowa chala chimodzi kutsogolo n'kokwanira. Nsapato zosiyiridwa ndi mkulu wake kapena mwana wa mnzanu zilibe vuto ngati zikumukwana. Mwana wa zaka 8 safunika nsapato zokhala ndi dzina la katswiri.

Zotchingira miyendo, mashinigadi aja, si zokongoletsa. Lamulo 4 la malamulo a mpira limati wosewera aliyense azivala. Lamulo lomwelo limaletsa ndolo, mphete, mikanda ndi zibangili. Ngati mtsikana wanu akufuna kubooledwa makutu, dikirani nyengo ya masewero ithe.

Chikwama alongedze yekha. Ichi ndimachiumirira. Mwana wa zaka 8 angathe kuloweza zinthu zisanu: nsapato, masokosi, mashinigadi, jezi, botolo la madzi. Mnyamata wanga anaiwalapo shinigadi imodzi, ndipo ine ndinali wokonzeka kuthamanga kukaitenga. Mayi ake anandigwira mkono. Anakhala panja chigawo choyamba chonse mpaka mnzake atamubwereka, ndipo chiyambireni sanaiwalenso kanthu.

Zotsala ndi tulo, madzi ndi nthawi. Madokotala a ana amalangiza maola 9 mpaka 12 a tulo kwa ana a zaka 6 mpaka 12, ndi maola 8 mpaka 10 kwa achinyamata. Usiku woti mawa kuli masewero, foni igone kuchipinda kwanu. Adye chakudya chopepuka chimene anazolowera patatsala maola awiri kapena atatu, amwe madzi asanamve ludzu, ndipo zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, zodzaza ndi kafeini, zisamuyandikire. Mufikitseni msanga. Mwana wofika mochedwa amalowa m'bwalo mtima uli m'mwamba, thupi lisanatenthe, chonsecho wochedwa ndinu.

Pakamwa panu pa tsiku la masewero

Pabwalo pali anthu atatu amene ali ndi ntchito: mwana akusewera, kochi akuphunzitsa, lifali akuimbira. Ntchito zonsezi zili ndi eni ake. Yanu ndi yachinayi, ndipo ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, chifukwa mbali yaikulu ndi kudziletsa.

Njira imene inandithandiza ndi iyi: mawu alionse ouza mwana chochita ndi a kochi, osati anga. "Menya!" "Patsa!" "Bwerera!" "M'tsekere!" Onsewa ndinawasiya. Anditsalira ndi mawu obwera chinthu chitachitika kale: "Wachita bwino!" "Eya, choncho!" "Limba mtima, ubweranso!" Chifukwa chake si ulemu wokha kwa kochi. Mpira ndi masewero oganiza mwachangu. Mwana ali ndi kamphindi kochepa kuti aone anzake, aone mdani, asankhe chochita. Mawu anu akamafika m'khutu mwake, mpata umene munauona watsekeka kale. Choipa kwambiri n'chakuti mwana wozolowera kuuzidwa amasiya kudzutsa mutu, amadikira mawu. Tsiku limene simudzabwera adzaoneka ngati wasochera.

Komanso simudziwa zimene kochi wawauza. Mwina sabata yonse akhala akuphunzira kuyambitsa mpira kumbuyo, kupatsirana pansi kuchokera kwa goloboyi, ndipo kochi akudziwa bwino kuti achinyitsa zigoli ziwiri zitatu asanazolowere. Inu mukakuwa kuti "Chotsa!" mukugumula nyumba imene mnzanu akumanga.

Mabungwe ena a mpira anafika potopa nafe makolo. Ku England, bungwe loyendetsa mpira la FA linayambitsa ndondomeko yolimbikitsa ulemu pabwalo yotchedwa Respect mu 2008, ndipo china mwa zimene zinabwera nayo ndi chingwe chotchinga oonerera kuti aime patali ndi mzere. Mu 2022 anayesanso kukhala ndi mapeto a sabata amene makolo ndi makochi ankangowomba m'manja, osakuwa. Timu ya mtsikana wanga inayesako zofanana ndi zimenezi tsiku lina. Kwa mphindi zisanu zoyamba kunali zii ngati kumaliro. Kenaka tinayamba kumva chinthu chomwe sitinkachimva: mawu a anawo. Kamtsikana kena komwe tonse tinkakayesa kamanyazi ndi komwe kankalamula anzake onse kumbuyo, kuwaitana maina mmodzimmodzi. Mawu ake analipo nthawi yonseyi, ife ndi amene tinkawakwirira.

Si pakamwa pokha. Mwana akaphonya, chinthu choyamba amachita ndi kucheukira kumene mwaima. Mukagwira mutu, mukatembenuka n'kumenya mpanda, mukapukusa mutu, wamva zonse ngakhale simunatsegule pakamwa. Ine ndinachita kuphunzira kuika manja m'thumba. Ena amatenga mpando n'kukhala pansi, chifukwa munthu wokhala sakalipa ngati woimirira. Ndipo musamayende naye m'mbali mwa mzere kutsatira mpira, kapena kukaima kuseri kwa golo ngati mwana wanu ndi goloboyi. Sankhani malo amodzi, mukhale pomwepo.

Chemererani ana onse. Phunzirani maina a anzake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pali ana ena amene kholo lawo silinabwerepo n'kamodzi komwe. Dzina lawo likatuluka pakamwa panu mudzaona mmene amathamangira. Goloboyi wa timu inayo akagwira mpira wovuta, muwombereni m'manja. Ndi mwana wa zaka 10, si mdani wanu. Ndipo musanene zoipa za mwana wa wina muli pagulu. Mayi amene waima pambali panu mwakachetechete akhoza kukhala mayi wake. Zinandichitikira, ndipo sindifuna kuzifotokoza.

Za lifali ndiye ndili ndi manyazi ena. Tsiku lina timu inayo inaponya mpira kuchokera kunja, wosewera wawo ali yekha kuseri kwa otchinga athu onse, n'kugoletsa. Ndinakuwa "Ofusayidi!" mpaka mawu anasasa. Lifali anali kamnyamata ka zaka mwina 15, wezulo ikunjenjemera m'manja. Bambo wina wachikulire anandiyandikira n'kundiuza mwaulemu kuti, "Achimwene, pa mpira woponya ndi manja palibe ofusayidi." Anali kunena zoona. Lamulo 11 limati palibe ofusayidi ngati munthu walandira mpira mwachindunji kuchokera pa thiroini, pa kona kapena pa golokiki. Zaka zonsezi ndikuonera mpira, sindinkadziwa. Malamulo a mpira alipo 17 okha, bungwe lomwe limawakhazikitsa la IFAB limawaika pa intaneti kwaulere, ndipo m'maligi ambiri a ana aang'ono ena amasinthidwa, mwina ofusayidi osakhalapo n'komwe. Awerengeni. Koma ngakhale lifali atalakwitsadi, ndipo adzalakwitsa, kumbukirani kuti nayenso akuphunzira, nayenso ndi mwana wa wina. Mukamutukwana, mwana wanu waphunzira kuti akagonja pamakhala wina womuloza chala.

Ulendo wobwerera kunyumba

Ngati pali malo amene ana ambiri amadana nawo pa mpira, si bwalo ayi. Ndi njira yobwerera kunyumba, kaya pagalimoto kaya wapansi, pamene alibe kothawira ndipo kholo layamba kufotokoza masewero onse kuyambira mphindi yoyamba. Ine ndinali katswiri wa zimenezi. Ndinkayamba ndi kuyamikira pang'ono, kenaka liwu lija lakuti "koma". Mwana amadziwa kuti zonse zonenedwa "koma" asanafike ndi zongokometsera.

Mtsikana wanga ali ndi zaka 11 anaphonya penate yomaliza pa masewero a chikho. Mpira unagunda mtengo wa golo n'kubwerera m'bwalo. Anzake anamukumbatira, kochi anamusisita phewa, koma iye anabwera kwa ine nkhope ili gwa, masokosi atagwera m'mapazi, chingwe cha nsapato imodzi chikukwekwereka. M'kamwa mwanga munali mutadzaza kale malangizo: phazi loponda linali patali ndi mpira, anathamangira, anayang'ana kumene akumenyera. Ndinawameza onse. Ndinamulandira chikwama, n'kumupatsa botolo la madzi. Tinayenda osalankhula. Patapita nthawi ndinangoti, "Ndasangalala kukuona ukusewera lero." Sanayankhe. Titatsala pang'ono kufika anati, "Palibe amene amafuna kumenya yachisanu. Ndinakweza dzanja ndine." Ndikanayamba ndi za phazi loponda, chimenechi sindikanachimva, chonsecho ndicho chinali chachikulu pa tsiku lonselo.

Ndiye lamulo langa ndi lakuti nkhani ya masewero ayambitse ndi mwana. Akafuna kulankhula, mvetserani. Akafuna kukamba za galu amene wamuona panjira, kambani za galuyo. Ngati mukufunadi kufunsa, funsani zimene yankho lake simukulidziwa: chakusangalatsa n'chiyani lero? Chinavuta n'chiyani? Kochi anati chiyani pa nthawi yopuma? Ndipo ngati simunapite ku bwalo, funso loyamba lisakhale "Mwawina?" kapena "Wagoletsa?" Mwana wosewera kumbuyo akhoza kutha chaka osagoletsa, akusewera bwino kwambiri.

Malangizo anu asungeni mpaka mawa kapena mkuja, ndipo muyambe mwapempha: "Pali kena kake ndinaona, ukufuna ndikuuze?" Akakana, zisiyeni. Nthawi zambiri mudzapeza kuti akudziwa kale chimene analakwitsa, ndipo kochi wamuuza kale.

Chinthu china chimene ndikukupemphani: musamulipire mwana pa chigoli. Mnzanga wina ankapatsa wake ndalama pa chigoli chilichonse. Pasanathe mwezi mwanayo anasiya kupatsira anzake, ankamenya ngakhale ali pakona penipeni, ndipo anzake anayamba kumumana mpira. Yamikirani zimene zili m'manja mwa mwanayo: kubwerera kudzathandiza kumbuyo atataya mpira, kuyesa mwendo wake wofooka, kudzutsa mnzake amene wagwa, kupempha mpira ngakhale atangolakwitsa kumene. Kuwina kumadalira anthu ambiri, kulimbikira kumadalira iye. Ndipo chimene mumachita akawina, kaya ndi nthabwala, kaya kudutsira kwinakwake, muzichitanso akagonja, kuti asaganize kuti chikondi chanu chimayendera zigoli.

Kunyumba, akakupemphani kuti musewere naye, khalani khoma lobwezera mpira, osati kochi wachiwiri. Mphindi 15 zopatsirana pabwalo la nyumba, mukuseka, zimaphunzitsa zambiri. Ngati akusewera ndi anzake popanda wamkulu, magolo ali miyala iwiri, musawasokoneze. Chenga zambiri zimabadwira kumeneko, kumene palibe wokalipa munthu akalakwitsa.

Kochi ndi benchi

Tsiku lidzafika lomwe mwana wanu adzakhala pa benchi pamene inu mukuona kuti amene akusewera m'malo mwake samuposa. Magazi adzawira. Musapite kwa kochi tsiku lomwelo, musamulembere uthenga usiku womwewo, ndipo chonde musakadandaule pa gulu la WhatsApp la makolo. Gonani kaye. Mawa lake mupempheni nthawi yoti mukambirane awiri, mwana palibe, ndipo funso likhale lakuti, "Mwanayu agwirepo ntchito pati kuti apite patsogolo?" osati "Bwanji mukuseweretsa uja?" Funso loyamba limatsegula pakamwa pa kochi, lachiwiri limamuika pa mlandu.

Mwana akafika zaka 12 kapena 13, akafunse yekha. Mungayeserere naye kunyumba zimene akanene. Mnyamata wanga anachita thukuta ndi mantha tsiku loyamba, koma anabwera ndi yankho lomveka: ankachedwa kubwerera timu ikataya mpira. Limenelo linali yankho lake, analipeza yekha, ndipo analigwirira ntchito kuposa mmene akanachitira likanadzera mwa ine.

Ndinenenso kuti kwa ana aang'ono, a zaka zosakwana 11 kapena 12, timu imene imasiya ana omwewomwewo pa benchi sabata ndi sabata pofuna chikho si timu yabwino. Mwana saphunzira mpira atakhala pansi. N'chifukwa chake m'maiko ambiri ana amayamba ndi asanu mbali iliyonse, kenaka 7, kenaka 9, asanafike pa 11: kuti aliyense akhudze mpira kambirimbiri. Ngati mwakambirana ndi kochi koma palibe chikusintha, kusamutsa mwana si kulakwa. Chimene muyenera kupewa ndi kunyoza kochi pamaso pa mwana, chifukwa pa tireningi yotsatira akakumana nayenso ndipo sadzadziwa kuti amvere ndani.

Makochi ambiri a ana salandira kanthu. Afunseni chimene mungathandize: kunyamula mipira, kuchapa majezi, kutengako ana amene alibe owaperekeza.

Koma ulemu kwa kochi usakutsekeni maso. Mu 2016 Andy Woodward, yemwe anasewerapo ku Crewe Alexandra, anaulula poyera kuti kochi Barry Bennell ankamugwirira ali mwana, ndipo atangolankhula iye, amuna ena ambirimbiri anatulukira ndi nkhani zofanana. Bennell anali kochi wotamandidwa, amene makolo ankamukhulupirira kuti atsegulira ana awo khomo. Choncho dziwani amene akuphunzitsa mwana wanu. Munthu wamkulu asamakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka kapena m'galimoto, asamamulembere mauthenga amseri, asamamupatse mphatso zoti asauze makolo. Pa ulendo wokagona, funsani kuti akuluakulu ndi angati ndipo ana agona bwanji. Kochi wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Ndipo mwana akayamba mwadzidzidzi kukana kupita ku tireningi, kudwala m'mimba tsiku la mpira lokhalokha, musathamangire kumutcha waulesi. Khalani naye pansi.

Thupi lomwe likukula

Mutu ndiye ndimauopa kwambiri. Mwana akagundana mutu ndi mnzake, kapena kumenyetsa pansi, ndiye akumva chizungulire, mutu kuwawa, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena akuyankha mosokonekera, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale iye alire, ngakhale kochi anene kuti ali bwino. Sikuti mpaka akomoke kuti ubongo ukhale utagwedezeka. Apa pokha ndi pamene kholo lili ndi ufulu wodumpha mzere. Akaonedwe ndi dokotala, ndipo ngati akusanza mobwerezabwereza, mutu ukunka nuwawa, kapena akuodzera modabwitsa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Pa nkhani yomenya mpira ndi mutu, bungwe la mpira la ku United States linaletsa mu 2015 ana a zaka 10 kutsika pansi, n'kuchepetsa kwa a zaka 11 mpaka 13. Mu 2020 England, Scotland ndi Northern Ireland analetsa zimenezi pa tireningi ya ana a ku pulayimale. Kaya ligi ya mwana wanu ili ndi lamuloli kaya ilibe, palibe chifukwa choti muzimuponyera mipira makumi awiri pamutu kuseri kwa nyumba.

Pali zowawa ziwiri zimene zimabwera ndi kukula. China ndi kupweteka pansi pa bondo, pa kafupa kotukuka kaja, kumene madokotala amati Osgood-Schlatter. China ndi kupweteka kwa chidendene, kotchedwa Sever. Zonsezi zimachitika chifukwa minyewa imakoka pa malo amene fupa likukulirabe, makamaka mwa ana othamanga ndi kudumpha kwambiri. Mnyamata wanga anadwala bondo loterolo ali ndi zaka 13, ndipo ine poyamba ndinkati akudzikoleza. Zimatha zokha mwana akamaliza kukula, koma zimafuna kuchepetsa katundu. Mwana amene akutsimphina asasewere, ndipo musamumwetse mankhwala opha ululu kuti akalowe m'bwalo.

Funsani kochi ngati amaidziwa FIFA 11+, ndondomeko yotenthetsera thupi ya mphindi pafupifupi 20 imene inatuluka mu 2006 pofuna kuchepetsa kuvulala. Ndi ya zaka 14 kupita m'mwamba, ndipo ilipo ina ya ana aang'ono yotchedwa 11+ Kids. Kwa atsikana ndi yofunika kwambiri, chifukwa kuduka kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo, uja amati ACL, kumawachitikira kawirikawiri kuposa anyamata. Ndipo mwana asasewere mpira chaka chonse popanda kupuma. Tsiku limodzi kapena awiri pa sabata apume, ndipo akafuna kusambira, kuthamanga kapena basiketibolo, mulekeni. Thupi lochita chinthu chimodzi chokhachokha ndi lomwe limatha msanga.

Wamng'ono lero, wamkulu mawa

Ana a chaka chimodzi sakhala a msinkhu umodzi. Ngati ligi imawerenga zaka kuyambira 1 January, mwana wobadwa mu January ndi wobadwa mu December amasewera limodzi, chonsecho akusiyana pafupifupi chaka chathunthu. Pa zaka 9, chaka ndi chinthu chachikulu. Wamkuluyo amaoneka waluso chifukwa ndi wamphamvu, amasankhidwa, amaphunzitsidwa bwino, pamene wamng'onoyo amauzidwa kuti sakutha. Onjezanipo kuti ena amatha msinkhu msanga, ena mochedwa, ndiye muona kuti zimene mukuona pa zaka 12 sizikuuzani zambiri.

Harry Kane analowa ku Arsenal ali ndi zaka 8, patatha nyengo imodzi anamuuza kuti basi. Lero ndiye wagoletsera England zigoli zambiri kuposa wina aliyense. Declan Rice anatulutsidwa ku Chelsea ali ndi zaka 14. Luka Modrić anakanidwa ku Hajduk Split chifukwa chochepa thupi, koma mu 2018 analandira Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana onse pa chaka. Jamie Vardy anasiyidwa ndi Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, n'kukasewera m'matimu ang'onoang'ono, ndipo mu 2016 anatenga ligi ndi Leicester City. Sindikutchula maina amenewa kuti muganize kuti wanu adzakhala Modrić. Ana ochuluka zedi, ngakhale a m'maakademi otchuka, sadzadyera mpira. Ndikuwatchula kuti mwana wanu akasiyidwa pa mndandanda musamuone ngati watha, ndipo akasankhidwa musayambe kuwerengera ndalama zake. Sukulu isagwe chifukwa cha mpira. Kwathu lamulo ndi lakuti homuweki ithe tsiku la tireningi lisanafike, koma sindigwiritsa ntchito mpira ngati chikwapu, chifukwa ukamuletsa masewero walanganso anzake khumi amene amamudalira.

Mwana akamaoneka bwino, padzabwera munthu wovala bwino wonena kuti ndi ejenti, ali ndi timu kunja, mungopereka ndalama ya ulendo ndi mapepala. Chikomekome cha mkuyu. Malamulo a FIFA, pa ndime 19, amaletsa kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita dziko lina kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa, ndipo ngakhale Barcelona inalangidwa mu 2014 chifukwa chophwanya lamuloli. Musasaine kanthu, musapereke pasipoti ya mwana, musanafunse ku bungwe loyendetsa mpira m'dziko lanu ngati munthuyo ali ndi chiphaso.

Akanena kuti watopa nawo

Mnyamata wanga ali ndi zaka 15 anandiuza kuti akufuna kusiya. Zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo ndinazindikira kuti amene ankataya Loweruka lake ndinali ine. Ndinamufunsa ngati pali wina wamulakwira, ngati ndi kochi, ngati ndi anzake, ngati ndi ine. Anati ayi, wangotopa ndi ligi. Tinagwirizana kuti amalize nyengoyo, popeza anali atalonjeza timu, kenaka asankhe yekha. Anamaliza, n'kusiya.

Nsapato zake zinakhala pansi pa bedi miyezi isanu ndi itatu. Ndinkaziona ndikamadutsa, osanena kanthu. Tsiku lina madzulo ndinapeza palibe. Mlongo wake anandiuza kuti wapita kukasewera ndi anzake, asanu mbali iliyonse, kopanda kochi, kopanda lifali. Atabwera ali matope okhaokha ndinamufunsa ngati ndingadzapite kukaonerera sabata yamawa. Anaganiza kaye, akumasula zingwe pakhomo, kenaka anati, "Mubwere. Koma mukakhale pansi."